Gulugufe mu Laputopu ya Dinah

Loweruka, 7 Juni 2025

Dinah wafika masana. Fumbi la ku Vubwi mpaka m'nsidze. Dorcas kumbuyo, ali m'tulo. Thumba la mtedza, nkhuku yomanga miyendo, laputopu. Mawu oyamba a mkazi wanga: "Mwaondatu, atate ake Dorcas." Ndilekerenji kuonda. Mwamuna wa ticha, wodziphikira yekha ku Katete pamene mkazi akuphunzitsa ana a eni kumalire.

Ali ndi foni yatsopano. Ati anagula ku Chipata. Sanandifunse mtundu woyenera, ine amene tauni yonse imadzaima pa kantemba kanga kufunsa za mafoni.

Koma za foni ndazisiya. Nkhani ndi laputopu.

Laputopu imeneyi ndinaigula yakufa, ndinaidzutsa ndi manja angawa. Chilichonse chili m'menemo ndinaika ndine. Ngakhale pulogalamu yakale yoonera zithunzi, ija inakwiriridwa mu Windows yatsopano, ndinaifukula. Yopepuka, yopanda matama. M'chigawo chino odziwa kuifukula ndi ochepa.

Madzulo ano ndati ndione chithunzi cha mwana. Ndadina. Chatseguka ndi chinthu china. Pulogalamu yachilendo, pakona kachizindikiro ka gulugufe wabuluu. Sindinaike ine.

Kompyuta siisintha maganizo yokha. Fayilo iliyonse ili ndi mchira wake, .jpg, .png, ndipo kompyuta imangoyang'ana mchirawo n'kuitana pulogalamu imene inauzidwa kuti ndiye mwini. Kuti iitane wina pamafunika dzanja la munthu. Wina anakhala pansi, natsegula laputopu ya mkazi wanga, nasankha gulugufe, nachonga kabokosi ka "Always". Nthawi zonse. Pamenepo sachonga mwangozi.

Ndafunsa, mwaulemu ndithu. Yankho: "Ikugwira ntchito, si choncho?" N'kupitiriza kusosola nkhuku.

Kusukulu kwawoko kuli ticha wa makompyuta. Newton. Dzinali lakhala likugwa m'nkhani zake ngati mchenga mu mpunga.

Lasabata, 8 Juni

Kutchalitchi sindinapite. Ndinati mutu. Atangotuluka ndinaitsegula.

Ntchito ya kanthawi kochepa. Kulowa mu setingi, kupeza pamene pamasankhidwa mapulogalamu, kutsika ndi michira umodziumodzi. .jpg kubwerera kwa mwini wake. .png chimodzimodzi. Gulugufe ndamusiya m'menemo dala, wopanda ntchito, ngati mlendo amene sanapatsidwe mpando. Akaone yekha amene anamuikayo kuti laputopuyi ili ndi mwini nyumba.

Ndayesa ndi chithunzi cha ukwati wathu. Chatseguka monga kale. Ine mu suti yobwereka, khosi lalitali, nkhope ya munthu amene akuganizabe kuti abwerera ku Lusaka kukamaliza.

Chaka chachitatu cha uinjiniya. Ndilembenso pano kuti sindinalephere. Basale yondilipirira sukulu inadulidwa, atate anadwala, ndinabwera kudzaika maliro, basi. Newton ali ndi pepala. Ine ndili ndi mutu. Dziko lino limalemba ntchito mapepala.

Dinah wanyamuka atadya. Ndinamunyamulira laputopu mpaka pa siteji. Sanadziwe kanthu. Dorcas analira pokwera minibasi, koma ankalirira fulitasi, osati ine.

Lachitatu, 11 Juni

Kuzizira. Magetsi kulibe kuyambira m'mawa. Kasitomala mmodzi, wofuna fotokope, n'kupita osathandizidwa. Inki ya pulinta nayo ili pafupi kutha.

Ndinalakwa kumuuza za gulugufe Fabiano, wometa wa kantemba koyandikana nane. Munthu wometa sasunga mawu, amawagawa limodzi ndi sitayelo. Anaseka mpaka kutsamira chitseko. "Mudala, ukapeza mpando wa motoka yako wasunthidwa, usafunse motoka. Manje wamtali ndani, iwe olo uja?" Ndinamuuza kuti amete mitu, zam'kati mwa mitu azisiyire ife.

Madzulo foni, nambala yachilendo. Dinah. Ati foni yake yathawiranso ku Malawi. Kumalire kuja netiweki imatero, foni imadzuka ili nzika ya dziko lina, kuimba osatheka. Kale ankakwera pachulu kuseri kwa nyumba za maticha kuti andipeze. Lero chulu chatalika. "A Newton andibwereka yawo, ya iwo imagwira ngakhale m'nyumba."

M'nyumba ya yani, sindinafunse.

Kumbuyo mawu a mwamuna, kuseka. Dorcas akukuwa, "Ankolo, ankolo, nanenso!" Naye chiyani? Kumunyamula? Kumuponya m'mwamba?

Nambalayo ndaisunga. Dzina: Gulugufe.

Lasabata, 15 Juni

Nyumba zii. Ndachapa, ndasita, ndapita kutchalitchi. Abusa analalika za mtima wa Kaini. Ndinaona ngati akuyang'ana ine, koma maso awo ndi opingasa, amayang'ana aliyense.

Newton ndamufufuza pa intaneti. Alipo. Gauni, chipewa cha ngodya, amake pambali atagwira maluwa a pulasitiki. Wamtali ndithu. Pansi walemba mawu a Chingerezi a anthu opambana. Mawu amodzi walakwitsa sipelo. Ndinakondwa kwa kanthawi, kenaka ndinadziona: bambo wa mwana, akutha mabandulo pofuna sipelo yolakwika ya mwamuna mnzake.

Loweruka, 21 Juni

Wabweranso. Gulugufe nayenso.

Sindinadikire n'kuti avule nsapato. Ndadina chithunzi: mapiko abuluu. .jpg yake, .png yake, michira yonse waitenganso. Ndiye kuti anaona zimene ndinachita, naziphwasula modekha, mmodzimmodzi monga ndinachitira ine. Akundiyankha. Amuna awiri kulemberana makalata kudzera m'chikwama cha mkazi mmodzi.

Ndinati, "Zasinthanso." Dinah ati, "Zinakonzedwa. Chanu chija sichilola kulemba pachithunzi, ine ndimafuna mivi ndi mayina kuti ana aone." Ndinati anakonza ndani. Ati, "Ndabwera ndi nkhani yaikulu, inu funso lanu ndi limenelo basi?"

Nkhani yake nayi. Pasukulu ina kuno ku Katete patseguka malo a siniya ticha. Ahedi ake apereka dzina lake. Lachinayi akuluakulu a zamaphunziro akubwera kudzamuona akuphunzitsa. Zikayenda bwino, temu yamawa ali kuno. Kugona nyumba imodzi. Dorcas kudzuka n'kupeza atate ake, osati ankolo.

Ndinakondwa. Ndilembe zoona, ndinakondwadi. Ndinayamba kale kuona pamene tiike tebulo lake.

Phunziro lake ndi la kasungidwe ka chimanga. Wayenda m'midzi ndi foni yatsopano ija, kujambula nkhokwe, matumba, anankafumbwe. Adzaonetsa pakhoma. Ndinafunsa kuti adzaonetsa ndi chiyani. "Pulojekita ya kuchipinda cha makompyuta. A Newton avomera."

Avomera. Munthu wabwino bwanji.

Pogona anati, "Chonde, atate ake Dorcas, musaigwire. Zonse zili m'malo mwake." Laputopu imene ndinaidzutsa kwa akufa. Ndisaigwire ine.

Lasabata, 22 Juni

Mutu unandiwawanso.

Ndinayamba ndi kuona zithunzi zonse za m'foda yake. Ndi gulugufe yemweyo, poti ndiye anali pampando. Nkhokwe. Nkhokwe ina. Dorcas akudya gwafa. Anankafumbwe pafupi kwambiri, mpaka timilomo tawo kuoneka, ndi muvi wofiira wolembedwa bwino. Ana pamzere. Ndinkafuna chiyani? Sindinapeze.

Kupatula chimodzi. Dzanja lagwira chisononkho chofumbwa kuti chijambulidwe. Dzanja la mwamuna, wotchi yachitsulo, zikhadabo zoyera. Mlimi alibe zikhadabo zotero. Ndinalikulitsa mpaka linasanduka timabokosi. Kuti ajambule pafupi chotero anaima motalikirana bwanji? Mitu inagundana?

Ndiye ndinachita ntchito yonse, osati yachibwana ya tsiku lija. Gulugufe ndamuchotseratu, ndi mizu yomwe. Michira yonse ya zithunzi imene inali pa dzina lake ndaipereka kwa wanga wakale, yodziwika ndi yachilendo yomwe. Kenaka chitseko. Akaunti ya Dinah ndaitsitsa kukhala ya wogwiritsa ntchito wamba, ndapanga ina ya mwini, yanga, ndi pasiwedi yanga. Iye azilowa, azilemba, aziona zithunzi monga kale. Koma wofuna kuikamo pulogalamu iliyonse ayambe wagogoda kwa ine.

Mivi angathe kujambula ndi choko. Aphunzitsi athu ankatero, ndipo tinafika ku yunivesite.

Ndayesa ndi cha ukwati. Bwinobwino. Ndinakhala ndikuchiyang'ana mpaka ndinamva mawu a Dorcas pageti. Ndinatseka msanga, kubwezera m'chikwama, zipi mbali imene anaisiya.

Pa siteji anandigwira dzanja. "Mundipempherere Lachinayi." Ndinati usadandaule, zonse zili m'malo mwake.

Lachiwiri, 24 Juni

Tulo tabwino koyamba mwezi uno.

Nesi wina wabwera ndi kompyuta, zithunzi zonse zikutseguka m'pulogalamu yolembera makalata, zilembo zosamveka tsamba lonse. Anali atalira kale, ati zithunzi za malemu amake zaonongeka. Ndinamuuza kuti zithunzi zili moyo, kompyuta yangoitana munthu wolakwika. Kudina kumanja, kusankha choonera, kuchonga kabokosi. Amake anatulukira pasikirini atavala duku. Anandiyang'ana ngati ndaukitsa Lazaro. "Inu munayenera kukhala ku Lusaka." Ndikudziwa, amayi. Ndikudziwa.

Lachinayi, 26 Juni

Ndilemba mmene zinachitikira.

M'mawa, ndili pakantemba, foni. Gulugufe. Ndinaiyang'ana ikulira. Ndinati wafika pachitseko, agogode. Inaliranso. Ndinadula. Fabiano ali pakhomo, ati, "Yankha mudala, olo ni nkhongole?" Ndinadulanso.

Kenaka meseji. "Ndine Dinah. Zithunzi zonse zikukana kutseguka. Ikufuna pasiwedi kuti tibwezere pulogalamu ija. Mabwana afika. Chonde."

Zikukana bwanji, ndinayesa ndekha? Ndiye m'mutu munabwera mchira uja wachilendo, umene ndinaupereka osauyang'ana kawiri. .heic. Foni yatsopano imasunga zithunzi mumtundu umenewo. Pulogalamu yanga yakale siiudziwa, inabadwa iwo usanabwere. Cha ukwati ndi .jpg, n'chifukwa chake chinatseguka. Ndinayesa chithunzi chimodzi chokha, cholakwika. Mwana wa chaka choyamba sangachite zimenezi.

Gulugufe sanali wokongoletsa. Ndiye yekha ankatha kutsegula zithunzi zake.

Chofunika chinali kutumiza pasiwedi basi. Chala chimodzi. Ndinailemba. Ndinaiyang'ana. Ndinafufuta.

Lasabata lija, dzanja la wotchi lili m'maso, ndinkafuna mawu oti sindingaiwale. Ndinalemba ndikuseka ndekha m'nyumba. Ndinati palibe adzawaone, pasikirini amangooneka timadontho.

MkaziWaNewton.

Ndiwatumize pafoni ya Newton. Awerenge ali limodzi, mitu pafupi, mabwana ali pakhomo, ana ali pamabenchi.

Ndinaganiza zoimba, ndimuuze chilembo chimodzichimodzi, mwina sazindikira. Dinah amaphunzitsa ana kulumikiza zilembo. Ndinaganiza zonena kuti zisinthidwe mtundu pafoni pomwepo, koma kufotokoza zimenezo ndi nthawi, ndiponso ndiyambe ndayankha chifukwa chake ndinatseka. Ndinaika foni pansi pa kauntala. Ndinatsegula pulinta ya munthu imene inalibe vuto lililonse.

Nditaitenganso panali meseji ina. "Basi. Musavutike."

Sindinadye.

Lachisanu, 27 Juni

Nambala yake siikupezeka. Mwina ili ku Malawi, mwina yazimitsidwa. Ya uja sindingaimbe.

Wa digiriyo akanakhala ndi nzeru akanadziwa kuti pali mapulogalamu oyenda kuchokera pa fulashi, osafuna pasiwedi. Akanasintha zithunzizo pafoni. Njira zinalipo. Amaphunzira chiyani m'makoleji amenewa?

Ndawerenga zimene ndalembazi. Ndikumuda munthu chifukwa cholephera kuthyola loko imene ndinaika ine.

Lachiwiri, 1 Julayi

A Mwandida abwera kumsika ndi tomato. Akazi a alamu anga a Obadiya a ku Sinda, achimwene ake a Dinah. Sanakhale pampando umene ndinawapatsa. Anaimirira, dengu pambali, n'kuyamba ndi Chinsenga chawo chimene chimatuluka akakwiya. "Lomba mwapindulapo chinji, atate ake Dorcas?"

Dinah anawaimbira. Iwo, osati ine.

Zinayenda motere. Zithunzi zitakana, Newton anathamangira kunyumba kwake kukatenga laputopu yake. Kusamutsa zithunzi kuchokera pafoni, chingwe kuvuta, mivi ndi mayina onse kutsalira m'laputopu yokana ija. Mabwana anadikira, anthu oleza ndithu, koma anali ndi sukulu ina kutsogolo. Anaona theka la phunziro. Dinah choko kuthyoka m'manja. Polemba anati phunziro labwino koma mphunzitsi sanakonzekere zipangizo zake. Iye amene anayenda m'nkhokwe za anthu mwezi wathunthu.

Ndipo poti laputopu inali yake, Newton anakhala kutsogolo, pambali pa Dinah. Dinah akagwedeza mutu, iye n'kudina chithunzi china. A Mwandida anandionetsa ndi mutu wawo mmene ankagwedezera. Sanadziwe kuti akundibaya. Kapena anadziwa.

Ndinati zonsezi zinayamba chifukwa munthu ameneyo ankalowerera m'laputopu ya mkazi wanga. Anaseka moipa. "A Newton ati? Kagulugufeko anaika yekha Dinah. Anafufuza pafoni, pachulu paja, udzudzu ukumudya. Mutasintha anabwezeranso yekha. A Newtonwo laputopu imeneyo anali asanaigwirepo mpaka Lachinayi. Munawapatsa ndinu."

Ndinati n'chifukwa chiyani sanandiuze. Ati, "Anati akakuuzani mumufunsa kuti anamuphunzitsa ndani."

Ndikanafunsadi.

Anasiya tomato pakauntala, ati Dinah anati mwina simukudya.

Lachitatu, 2 Julayi

Ndimayesa ndipeza mpumulo. Ayi. Zafika poipa.

Akanakhala Newton bola, ndikanakhala ndi mdani wa nkhope. Koma iye yekha. Michira, setingi, kabokosi, zonse anazipeza popanda ine. Zaka zonsezi m'nyumba muno chinthu chimodzi chinali changa: chikavuta cha magetsi, amaitana Aroni. Malipiro a boma ndi ake. Yunifolomu ya kwaya, ulemu wa "amadamu" pamsika, zake. Ine ndinali ndi kudina kumanja. Nakonso watenga.

Ndikuchitira nsanje chulu. Ndafika pamenepo.

Dzanja la wotchi lija sindinafunse. Likhoza kukhala la ahedi. Likhoza kukhala lake. Usiku limabwera ndithu.

Loweruka, 5 Julayi

Wikendi yaitali, Lolemba ndi Lachiwiri ndi holide. Ndinasesa, ndinagula nyama, ndinadikira pa siteji mpaka makondakitala anayamba kundiseka. Minibasi yake inadutsa Katete osamutsitsa. Ali ku Sinda ndi mwana.

Malo a siniya ticha aja apatsidwa wina. Mayi wa ku Chadiza, ati.

A Obadiya aimba. Mawu a mkulu wa mpingo, ofatsa ngati akuwerenga zolengeza. Lolemba m'mawa ndikafike kwawo. Iwo ndiwo ankhoswe a kuchikazi, ndipo atumiza kale mawu ku Mkaika kwa amalume anga a Josephat, ankhoswe a mbali yanga. "Si mlandu waukulu, alamu. Mlongo wanga akungofuna makiyi a katundu wake."

Ndinati abweretse laputopuyo kuno, nditsegula, ndibwezera zonse, ngakhale gulugufeyo ndimuikira ndekha. Ndinamva akufunsa kumbali. Kenaka mawu a Dinah, patali koma omveka: "Saigwiranso. Adzatchula, ndidzalemba ndine."

Lasabata, 6 Julayi

Njira ziwiri.

Kunena kuti ndaiwala. Palibe angatsutse. Koma ndiye Aroni, wa chaka chachitatu cha uinjiniya, waiwala pasiwedi imene anaika yekha. Laputopu ibwerera ku Vubwi yotseka, ndipo woithyola ndi mmodzi yekha kumeneko. Adzakhala nayo madzulo onse, mwina awiri, akupukusa mutu pa ntchito yanga. Dinah akumufulira tiyi.

Kapena kutchula.

Fabiano lero sanaseke. Ndinamuuza zonse, sindikudziwa chifukwa chake. Anazimitsa makina, kasitomala mutu uli theka. "Mudala, nama chabe. Bodza imodzi siipaya ukwati. Iyo mawu izapaya." Wometa kundipatsa uphungu wa zimene zimapha ukwati, ine n'kumvetsera.

Ndasita shati yoyera. Ndagulira Dorcas nsapato, mwina zachepa, sindikudziwa phazi lake pano.

Lolemba, 7 Julayi

Ndabwerako.

Pakhonde la a Obadiya. Mipando ya pulasitiki, nkhumba zikulira kuseri, chimanga chili pa tenti pabwalo. Amalume anafika pa njinga, jekete la maliro ndi maukwati lomwe lija. Dinah pamphasa, chitenje chatsopano, laputopu pamiyendo. Dorcas anamutengera kwa aneba. Nsapato ndinapereka kwa a Mwandida.

Pemphero. Kenaka a Obadiya anafotokoza nkhani yonse mosakometsera, mosanyoza. Amalume makutu anayamba kuvuta, ankangoti "Ee?" n'kutembenuza mutu. Za michira ndi akaunti sanamve kanthu. Anamva chimodzi: "Ndiye mwanayu anakhoma nkhokwe ya mkazi wake n'kupita ndi kiyi?" A Obadiya anati ndi momwemo. "Aa. Pereka kiyi, Aroni. Tadzera zimenezi pa njinga?"

Dinah anatsegula. Zala pa mabatani. Sanandiyang'ane.

Bodza linali pakamwa, lokonzeka, ndinaliyeseza njira yonse mu minibasi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndaiwala. Ndinaona Newton atawerama pa laputopu, wotchi ikung'anima. Sindinathe. Si chilungamo chimene chinandigwira, ndisadzinamize. Sindinafune kuti aigwirenso.

Ndinatchula. Motsitsa.

Amalume: "Wati chiyani? Kweza mawu, ndiwe mwamuna."

Ndinakweza. Mkazi wa Newton. Nkhumba nazo zinakhala ngati zamva. A Mwandida anagwira pakamwa ndi chitenje. A Obadiya anayang'ana chimanga chawo. Amalume anafunsa kuti Newtoniyo ndani, ndipo mkazi wake walowa bwanji m'nkhani ino. Kenaka anamvetsa okha, ndinaona nkhope ikugwa, anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

Ndinadikira kulira. Kutukwana. Mbale yoponyedwa.

Dinah anati, "Zilembo zazikulu zili pati?"

Ndinamuuza. M, W, N. Analemba pang'onopang'ono, chala chimodzi, monga amalembera pabolodi kuti wa kumbuyo aone. Inatseguka. Anatembenuza sikirini kuti ndisaone, nalemba zake kanthawi, natseka.

"Achimwene, amalume, mwamva nokha dzina limene ndili nalo kunyumba kwanga. Ine ndilibe mawu ena."

Anaimirira, anagwadira amalume, analowa m'nyumba.

A Obadiya ati tipatsane nthawi, tidzakhalanso pansi masukulu akatseka. Amalume ndinatuluka nawo mpaka pamsewu. Pokwera njinga anati, "Atate ako anali osauka, koma pakamwa pawo panali poyera." Anandiperekeza pa siteji ndi a Obadiya okha. Dorcas ndinamuona patali, pabwalo la aneba, akuthamanga ndi nsapato imodzi m'manja. Zachepadi.

Nyama ija yayamba kununkha, magetsi kulibe. Ndiyenera kuganiza za mkazi wanga, za mwana, za mawu amene ndikanene masukulu akatseka. Ndakhala pano kuyesa.

Koma chimene chikuzungulira m'mutu n'chakuti Lachitatu Dinah abwerera ku Vubwi. Newton adzamufunsa kuti zinatha bwanji, pasiwedi inali chiyani. Mwina sadzamuuza. Mwina adzamuuza. Ndipo iye akamva, kaya adzaseka, kaya adzakhala chete n'kumuyang'ana, n'kuyamba kuganiza chinthu chimene mwina anali asanachiganizepo, chimene ndamupatsa ine ndi manja angawa.